Dayamondi Amakonda Mafuta

Pulani yobera Mayi Rosalia inabadwira kuseri kwa msika wa Chinakanaka, pa shabini ina imene kachasu wake amati ukamuthira m'njinga yamoto umakafika ku Limbe osaima pena paliponse. Inabadwa Lachisanu masana, nthawi imene amuna okhala ndi zochita amakhala akuzichita. Mzamba wake anali Kingstone.

Kingstone ankadzitcha Pulofesa, ndipo anthu anangomusiyira dzinalo chifukwa kukangana naye kunkadya tsiku lathunthu. Chuma chake padziko pano chinali jekete imodzi, magalasi a m'maso amene sankawonjezera kapena kuchotsa kanthu pa zimene munthu akuona, ndi agogo ake aamuna. Agogowo anamwalira kalekale, koma ankamugwirirabe ntchito. Malinga ndi Kingstone, malemuwo anakumba dayamondi ndi manja awo ku migodi ya Kimberley ku Joni. Achibale ena amati mkuluyo anangofika pa Halale n'kukhalira kuwiritsira mzungu tiyi, koma achibale amenewo sankabwera pa shabini, ndiye maganizo awo sankawerengedwa.

Omvera ake tsiku limenelo anali awiri. Woyamba anali Nasoni wakabaza, amene dera lonse linkamutcha Buleki chifukwa njinga yake inalibe. Ankaimitsa ndi chidendene, ndipo makasitomala ake ambiri anali anthu opemphera. Wachiwiri anali Hopewell, chimunthu chonyamula matumba pamsika, chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi. Ameneyu ankatchedwa Wailesi. Chilichonse cholowa m'khutu mwake chinkatulukira pakamwa osasintha ngakhale liwu limodzi, ndipo analibe pozimitsira.

"Magaye," anatero Kingstone akupukuta magalasi ndi kolala, "dayamondi woyamba ku Joni sanamupeze munthu wasukulu. Ana! Ana a pafamu ankasewera naye phada m'mbali mwa mtsinje. Mlendo wina n'kuti, tandipatsa kamwalako ndikaone. Basi. Dziko lonse linasamukira kumeneko, wina ndi fosholo, wina ndi sefa ya mkazi wake. Anakumba phiri mpaka linasanduka dzenje. Mukumva? Kutenga phiri la Mulanje ili n'kulitembenuza ngati mbale."

"Phiri mpaka dzenje," anatero Hopewell.

"Pamwamba dothi linali lachikasu, lofewa, kungosefa basi ngati ufa. Atatsika pansi anakumana ndi lina labuluu, louma gwa ngati mtima wa apongozi a Buleki. Piki inkabwerera. Ndiye ankaliyanika pabwalo ngati makaka, miyezi ndi miyezi, dzuwa liwombe, mvula inyowetse, mpaka lifumbutuke lokha. Akatero n'kulitsuka m'mabeseni aakulu ngati nyumba, matope apite, zolemera zitsalire pansi. Kenako anthu n'kukhala pa tebulo tsiku lonse kumasankha ndi maso, ngati amayi akusankha mpunga wa pa ukwati. Ndipo musamayese dayamondi wa m'nthaka amawala ngati uja wa m'mafilimu. Uja amakhala atamusula kale kunja, pomukhula ndi fumbi la dayamondi mnzake. Wosasula amangooneka ngati m'bulu wa mchere umene wagwera m'phulusa."

"Ndiye ambiri ankangotayidwa," anatero Nasoni, amene pa botolo lachiwiri nzeru zinkamubwerera, pa lachitatu n'kuchokanso.

"Wayankhula ngati munthu! Ankatayidwa, mpaka tsiku lina wina anatulukira chinsinsi." Kingstone anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu mpaka anangomveka pa shabini ponse, osafika pamsika. "Dayamondi amadana ndi madzi, koma amakonda mafuta. Anapaka girisi pa tebulo lopendekeka, n'kumatsanulirapo timiyala pamodzi ndi madzi. Miyala wamba inkatsetsereka n'kumapita. Dayamondi yekha nganganga, ngati mwana wa nyani pamimba pa mayi ake."

"Nanga anthuwo osamaba?" anafunsa Nasoni.

"Ankaba, amwene, kuba si kwa lero. Ankameza. N'chifukwa chake azungu a mgodi ankatsekera anthu m'komboni ngati nkhuku za mazira. Kontirakiti ikatha, usanapite kwanu, ankakulowetsa m'kachipinda, manja atakuveka zikopa zopanda zala, n'kukumwetsa mafuta a nsatsi. Iwo n'kukhala pakhomo, kudikira katundu wawo."

"Mafuta a nsatsi," anatero Hopewell mwaulemu, "n'kudikira katundu wawo."

Tsono mbiri yonseyi inali njira yopita kwa Mayi Rosalia a ku Nkando. Mayiwo analemera ndi geni ya zitenje ndi nandolo, kuwolotsa pa Muloza kupita ku Milanje n'kubwerako, mpaka anamanga chinyumba cha mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu. Bambo awo, malemu a Americo, nawonso anapitako ku Joni. Mkati mwa mpandamo, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali bwalo lothira timiyala toyera, ndipo aliyense amene anakatsitsako katundu ankadziwa zinthu ziwiri: kuti mvula ikagwa timiyalato timanyezimira, ndiponso kuti malemuwo masiku awo omaliza ankaswera pomwepo akutokosa pansi ndi ndodo.

"Munthu wamkulu angamatokose miyala popanda chifukwa?" anafunsa Kingstone. "Madala aja anabwera ndi chitini cha dayamondi. Banki sankaikhulupirira. Ndiye anachita zanzeru. Ukafuna kubisa nyemba imodzi, umaiponya m'thumba la nyemba."

"Ndiye tikakhale pamenepo tikusankha kamodzikamodzi mpaka Khirisimasi?"

Kingstone anamwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira funso limenelo chibadwire.

"Tebulo lija, Buleki. Tebulo la girisi."

"Tikadumpha mpanda ndi tebulo?"

"Tebulo ndife."

 Ngakhale ntchentche za pa botolo zinaima kaye.

"Tikadzipaka mafuta thupi lonse, n'kugubuduzika pabwalopo. Mwala wamba ugwa wokha. Chimene chakakamira n'chathu. Tikatuluka titavala chuma, manja ali lendelende, palibe wotifunsa kuti mwanyamula chiyani."

"Nanga madzi aja? Mwati ankathira ndi madzi."

"Thukuta si madzi?"

Nasoni anaganizira nkhaniyo mozama, n'kupeza kuti thukuta ndi madzidi.

Vuto linali girisi. Amakaniko a pa Chinakanaka ankamudziwa bwino Kingstone, moti sakanamupatsa ngakhale wopaka kunsonga ya chala. Maso onse anatembenukira kwa Nasoni. Mkazi wake, Eneles, ankakazinga nyama ya nkhumba pa chiwaya pamsika pomwepo, ndipo mafuta otsala ankawasunga mu ndowa yachikasu, oyera mbee, olimba ngati phala ladzulo.

Nasoni anamva kachasu yense akumuthawa m'mutu.

Munthuyu anali mkamwini. Nyumba imene ankagonamo inali pamalo a kwawo kwa Eneles, munda unali wa Eneles, ngakhale mtengo wa papaya umene ankakhala pansi pake poganizira za moyo unali wa apongozi. Chaka chatha Kingstone yemweyu anamutengera kokaba simbi yamakala, ija ya tambala pamwamba, kwa mkulu wina wa mpingo, poti mkati mwake akuti munali mekyule, chitsulo chamadzimadzi chofunidwa ndi anthu a ku Dubai. Munali phulusa. Nasoni anagona kupolisi. Eneles anakamutenga, ndipo atafika kunyumba analongedza zovala zake zonse m'chikwama cha shangani n'kuchikoloweka pa msomali pafupi ndi chitseko.

"Ichi sindimasulanso," anatero. "Muzivala kuchokera momwemo. Tsiku limene ndidzamvenso dzina lanu likuyenda pakamwa pa anthu, mudzachipeza panja."

Chikwamacho chinali chidakali pamsomalipo. M'mawa uliwonse Nasoni ankatulutsamo malaya ngati mlendo wa pa resitihausi.

"Pulofesa, ine banja langa lili pa msomali," anatero motsitsa mawu.

"Ukabwera ndi dayamondi, alamu athu adzachotsa chikwamacho n'kukolowekapo chithunzi chako. Apongozi azidzakugwadira pokupatsa madzi osamba m'manja. Unamvapo kuti mkamwini wa galimoto wathamangitsidwa?"

Nasoni anawaona apongoziwo m'maganizo, atagwada, atanyamula beseni. Chithunzi chimenecho chinali chokoma kuposa dayamondi. Anavomera.

*

Anasankha Lamulungu m'mawa, chifukwa Mayi Rosalia ndi onse a pakhomo pawo, mpaka mlonda, ankapita ku Misa. Mayiwo ankati munthu wosapemphera sangawalondere katundu. Eneles naye atangonyamuka kupita kukaimba kwaya, Nasoni ananyamula ndowa ija mosamala ngati khanda la eni ake.

Ulendo wa ku Nkando unali wa njinga imodzi: Nasoni akupalasa, Kingstone pa chitsulo cha kutsogolo atavala jekete, Hopewell pa kaliyala atakumbatira ndowa. Anthu opita kutchalitchi ankapatuka okha. Potsetsereka, chidendene cha Nasoni chinkafuka utsi.

Kuseri kwa mpanda, kumunda wa nandolo, anatsamiritsa njinga kukhoma. Kingstone analamula kuti onse avule.

"Zovala zitsale kuno. Mafuta a nkhumba sachoka pa jekete."

Anaipinda jeketeyo bwinobwino, naiika pa chishalo, n'kutsala ndi kabudula wamkati ndi magalasi. Anaponda pa kaliyala mmodzimmodzi n'kudumphira mkati, ndowa akupatsirana. Kulowako kunali kosavuta moti Kingstone anadandaula kuti anthu olemera a masiku ano salemekeza akuba.

"Nanga galu?" ananong'oneza Nasoni. Galu wa Mayi Rosalia, dzina lake Mukanene, anali ndi mbiri mpaka ku Thuchila. Amati anadyapo nsapato ya munthu wogulitsa mankhwala a makoswe, mwini wake ali momwemo.

"Galu wa kolemera amagona masana," anatero Kingstone. "Tsegula ndowa."

Anapakana. Pali zinthu zina zimene amuna akachitirana sadzazikambanso moyo wawo wonse, ndipo kupakana mafuta a nkhumba kumsana Lamulungu m'mawa, kwaya ikumveka chapatali, ndi chimodzi mwa izo. Hopewell yekha anamaliza theka la ndowa. Atatha ankawala atatu onse ngati mandasi ongophula kumene.

"Tsopano gonani. Pang'onopang'ono! Tebulo silithamanga!"

Anagubuduzika kuchoka patsinde pa mtengo mpaka kukhonde, n'kubwereranso. Timiyala tinkabaya, koma Nasoni ankapirira. Kalikonse komulasa m'nthiti ankati mumtima: aka ndi tayala la galimoto, aka ndi bondo la apongozi.

Tsono chimene agogo a Kingstone sanafotokoze bwino, kapena chimene tiyi wa ku Halale sanawaphunzitse, n'chakuti pa tebulo lija ntchito yaikulu inali ya madzi. Mwala wamba ukanyowa, mafuta saugwira. Ukakhala wouma umakakamira ngati wina aliyense. Ndipo mwezi umenewo unali Okutobala.

Atadzuka, Nasoni anali atavala bwalo lonse: timiyala, makoko a nandolo, masamba ouma a mapeyala, zotsekera mabotolo, nthenga za nkhuku, ndi zina zimene nkhuku zimasiya m'mbuyo zikamayenda. Hopewell ankaoneka ngati msewu umene kontirakitala wauthawa.

"Pulofesa," anatero Nasoni, "zonse zakakamira."

Kingstone anadziyang'ana pamimba, n'kuyang'ana anzake. Munthu wina akanakhumudwa.

"Ndiye kuti malowa ndi olemera kuposa mmene ndimaganizira."

"Chimene chakakamira n'chathu," anakumbutsa Hopewell akulavula nthenga.

Apa m'pamene Mukanene anatulukira kuseri kwa khitchini, mutu ngati mtondo, pakhosi pakulira ngati jenereta. Anathamanga mpaka pakati pa bwalo. Anaima. Ananunkhiza. Ukali unachoka pankhope pake, n'kubwera chisangalalo cha munthu amene wasochera njira n'kutulukira pa ukwati. Anayamba ndi Hopewell, kuyambira ku akakolo kumakwera.

"Pulofesa, akundilawa."

"Musiye. Ofesi iliyonse ili ndi wodyapo wake."

Galu anali chabe. Pambuyo pake panabwera linthumbu, mzere wathunthu kuchokera kumizu ya mtengo wa mapeyala, ndipo linthumbu silinyambita. Nasoni anayamba kuvina gule amene sanaphunzirepo. Kingstone analengeza kuti gawo loyamba la ntchito latha bwino, tsopano atuluke.

Apa anazindikira kuti njinga yopondapo ija inali kunja, iwo ali mkati.

Hopewell anawerama kukhoma. Nasoni anamukwera pamsana, n'kutsetsereka. Anakweranso, anafika mpaka pamapewa, anagwira pamwamba pa mpanda ndi manja onse awiri, manjawo n'kumutaya ngati sakumudziwa. Kingstone anati vuto n'kusaphunzira, nayesa yekha. Anaterereka pamsana pa Hopewell ngati sopo m'bafa n'kukagwera m'khola la abakha. Anayesa kukwera mtengo, mtengo unawakana. Geti linali ndi loko kunja. Anathamangira kumpopi kuti asambe m'manja mokha, koma madzi ankangothawa pakhungu ngati pa tsamba la koko.

"Mwaona?" anatero Kingstone akupuma mwabefu. "Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Sayansi ikugwira ntchito."

Kunja kwa mpanda kunamveka belu la njinga, ngiri ngiri, likunka lichepa. Nasoni ankalidziwa belu limenelo ngati kulira kwa mwana wake.

"Njinga yanga."

"Jekete yanga!" anakuwa Kingstone. "Dziko laipa, amwene. Anthu akuba mpaka Lamulungu!"

Nasoni anangotsala ndi kachitonthozo kamodzi: kuti kutsogolo kuja kunali kotsetsereka, ndipo wakubayo anali asanadziwe chifukwa chimene mwini njingayo ankatchedwa Buleki.

Kenako loko linalira pageti.

M'kamphindi komalizako Kingstone anaona kanthu kakunyezimira paphewa pa Nasoni, kamwala ka ngodya zinayi, koyera ngati madzi. Anakatsomphola n'kukaponya kukamwa.

"Pulofesa, si munati wosasula sawala?" anafunsa Nasoni.

"Ameneyu ndi wapamwamba," anatero Kingstone, n'kumeza.

*

Mayi Rosalia sanabwere okha. Lamulungu limenelo anali ataitanira amayi onse a mphakati wawo ku nkhomaliro, ndipo analowa pageti m'chigulu, atavala zitenje zofanana, akumalizitsa nyimbo. Nyimboyo inafera pakamwa.

Pakati pa bwalo panaima zinthu zitatu zamiyala ndi nthenga, chimodzi chitavala magalasi, china galu akuchinyambita kumbuyo kwa bondo.

"Nosa Sinyora," anatero Mayi Rosalia chapansipansi, ngati akupemphera m'Chipwitikizi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anali mayi amene anakanganapo ndi osintha ndalama a pa Muloza n'kuwasiya akupepesa, choncho sankadabwa msanga. "Mukanene, tasiya zimenezo. Sudziwa kumene zachokera."

Kingstone anakonza magalasi n'kupita patsogolo, timiyala tikugwa m'mbuyo mwake.

"Mayi, musaope. Ndife a kafukufuku wa za migodi."

"Kafukufuku wayamba kuyenda ndi kabudula wamkati?" Anamudutsa ngati mtengo n'kukaima kutsogolo kwa Hopewell. "Inu aakulu, mukuoneka munthu wolongosoka. Mwadzatani pakhomo panga?"

Wailesi inayatsidwa. Inayambira kwa ana osewera phada, inadutsa pa phiri losanduka dzenje, dothi labuluu, mtima wa apongozi a Buleki, tebulo la girisi, chitini cha malemu a Americo. Nasoni anayesa kumuponda phazi, phazi lake linaterereka.

"Ndiye Pulofesa ameza mmodzi," anamaliza Hopewell. "Koma ku Kimberley womeza amamulowetsa m'kachipinda, manja kumuveka zikopa zopanda zala, kumumwetsa mafuta a nsatsi, n'kudikira katundu wawo."

"Oho," anatero Mayi Rosalia. "Mwambo wake ndi umenewo?" Anatembenukira kwa mlonda. "Pawindo la kuchipinda kwanga pali botolo lija ndimapaka kumutu. Mubwerenso ndi masokosi ndi chitini."

Amayi a mphakati anali atakhala kale pakhonde, ena akupukuta misozi ndi zitenje. Mmodzi anafunsa monong'ona, koma Nasoni anamva.

"Kodi amayi, muli dayamondi zoona muno?"

"Dayamondi wa kuti? Miyalayi ndinagula kwa anyamata ophwanya miyala nthawi ija ankakonza msewu. Zonyezimirazo ndi galasi la lole yanga ija inagunda ng'ombe. Ndinati kutaya n'kuwononga."

"Nanga malemu ankatokosanji tsiku lonse?"

"Dzino lawo loikirira, lachitsulo. Linagwera pamenepa akudya nzimbe. Anamwalira akulifunabe."

Nasoni anayang'ana Kingstone. Kingstone anali atamva, koma nkhope yake inkawala kuposa mafuta.

"Akunama, Buleki," ananong'oneza. "Likanakhala galasi akanalifuniranji? Taona mmene akulimbikira." Ndipo mokweza: "Mayi, ndimwa. Koma anthu onsewa akhale mboni: katundu akatuluka, theka ndi langa. Wotulukira ndine."

Anamwa mafuta a nsatsiwo ataimirira, chibwano m'mwamba, ngati nduna yolumbira pa udindo. Anamuveka masokosi a mlonda m'manja n'kumutsekera mosungira madeya a nkhuku pamodzi ndi chitini. Mlonda anakoka mpando n'kukhala pakhomo.

Nthawi yomweyo mayi wina anatola ndowa yachikasu ija n'kuitembenuza. Amayi a pamsika salola ndowa kuyenda yopanda dzina. Pambali pake panali penti yofiira: ENELES WA CHIWAYA, ndi nambala ya foni pansi pake.

Nasoni anagwada pa timiyala pomwepo.

"Amayi, chonde, itanani apolisi. Apolisi okha basi. Ndikagona konko sabata yonse, ndikasesa, ndikalima. Koma nambala imeneyo ayi."

"Apolisi abwera katundu wanga akatuluka," anatero Mayi Rosalia akudina foni. "Koma ndowayi ili ndi mwini wake, bambo. Ine sindisunga za eni."

*

Eneles anafika dzuwa litapendeka, pa kabaza wina, wokhala ndi mabuleki. Anali adakali mu yunifolomu ya kwaya. Pamiyendo pake panali chikwama cha shangani.

Anatsika, anagwada kupereka moni kwa Mayi Rosalia ndi amayi onse mmodzimmodzi, anapepesa chifukwa cha fumbi limene wabwera nalo. Sanayang'ane n'komwe mwamuna wake. Anayang'ana mu ndowa, mmene munatsala mafuta okwana kudzoza mwana mmodzi.

"Mayi a Tamanda," anayamba Nasoni, "nkhaniyi ili ndi mutu wake."

"Alamu," anatero Eneles kwa Hopewell, amene pa nthawiyi anali atapatsidwa mbale ya mpunga chifukwa chonena zoona, "tandiuzeni inu. Mafuta angawa amagwira ntchito yanji?"

Hopewell anameza n'kuyatsanso. Eneles anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pambali ngati akuphunzira nyimbo yatsopano.

"Ndiye mwati pa tebulopo amathira madzi. Chachabe chimapita, chamtengo chimatsala."

"Chamtengo nganganga," anavomera Hopewell.

"Ndiye tebulo langali silinathiridwe madzi. Amayi, ndibwerekeniko ofunda ndi sopo. Ndakhala nalo zaka zonsezi osadziwa kayezedwe kake."

Amayi a mphakati sanadikire kupemphedwa kawiri. Anamukhazika Nasoni pa kampando pakati pa bwalo, wina ndowa, wina chinkhupule, wina chisononkho cha chimanga. Madzi oyamba anatsitsa nthenga. Achiwiri anatsitsa makoko a nandolo ndi za nkhuku zija. Timiyala tinkagwa wayawaya, galimoto yonse, mawondo onse a apongozi, kubwerera pabwalo pamene tinachokera. Eneles anaima chapatali, manja m'chiuno, akuyang'anitsitsa ngati mzungu wa mgodi.

Pamapeto pake panatsala munthu wowonda, wofiira ndi linthumbu, akunjenjemera.

"Dikirani," anatero mayi wa chisononkho uja. "Pali kena kakana kuchoka."

Kanali pakati pa mapewa, katamira m'mafuta. Anakazula n'kukaonetsa kudzuwa. Kanali kachitsulo kotuwa, kopindika kunsonga.

"Dzino la ababa!" anakuwa Mayi Rosalia, n'kulilanda, n'kulipsompsona, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Eneles anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene sikelo yamuuza zimene ankaganizira kale.

"Ndiye sayansi yanuyo ndi yoona, abambo a Tamanda. Tatsuka, tasefa. Chamtengo chimene chapezeka pa inu ndi dzino la munthu wakufa, nalonso mwini wake watenga."

Ananyamula chikwama chija n'kuchiika pamapazi pake. Nasoni anachiyang'ana. Zovala zimene anabwera nazo zinali zitapita ndi njinga. Zina zonse zimene anali nazo padziko lapansi zinali mmenemo. Kuti asatsegule, akhala chomwecho pamaso pa amayi a mphakati mpaka apolisi atabwera. Kuti atsegule, ndiye kuti walandira.

Mphepo inatsika kuchokera kuphiri. Nasoni anawerama n'kukoka zipi.

"Msomali uja ndikolowekapo ndowa," anatero Eneles. Anatsanzika amayi onse mwaulemu, anatenga ndowa yake, n'kukwera kabaza wa mabuleki uja osacheuka.

Nasoni anatsala ataima, mwendo umodzi uli mu thalauza. Ndipo kuchokera mosungira madeya munamveka kugogoda kwa manja ovala masokosi, ndi mawu a munthu amene chikhulupiriro chake sichinagwedezeke ngakhale pang'ono, ngakhale zina zonse m'thupi mwake zinali zikugwedezeka.

"Buleki! Usachoke, amwene! Talemera! Katundu akubwera!"

"Katundu akubwera," anatero Hopewell, akuwonjezera mpunga.